Nyanja tili nayo, nanga karapao akudzatani kuno?

FUNSO: Akonzi, ine ndimapanga geni ya usipa wouma kuno ku Nkhotakota pa boma. Chikundidabwitsa nchoti nyanja ili pakhomo pompa koma mmashopu mwadzadza karapao wa mufiriji amene akuti ngochokera kunja. Kodi ife Amalawi timagulitsako nsomba kunja kapena timangogula basi?
Mayi wa geni, Nkhotakota

YANKHO: Mayi, timagulitsa ndithu koma pang'ono, zolowa ndiye zambiri. Karapao uja ndi wa mnyanja yamchere, wambiri amagwidwa ku Namibia nkubwera pa mathiraki a firiji. Akulowa chifukwa nsomba zathu sizikutikwanira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinali anthu oposa 17.5 miliyoni, pomwe chambo chinachepa kalekale kaamba kopha mopyola muyeso, ena mpaka kukokolola kasawala (tiana ta chambo) ndi neti za udzudzu, ndiye lero zambiri zomwe asodzi akubwera nazo ku doko ndi usipa womwewo mukugulitsa inuyo. Ndipo karapao amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi, nchifukwa chake kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zochokera kunja zinakwera mtengo.

Zotuluka zodziwika bwino ndi mbuna, tinsomba tokongola tija tam'miyala. Ku Senga Bay ku Salima anthu amamira nkutigwira tamoyo, amatiika mmajumbo a madzi ndi mpweya nkutikweza ndege kupita ku Ulaya ndi ku America komwe amatiweta mmagalasi mnyumba, osati ndiwo ayi.

Usipa wanuwo nawonso umawoloka malire, umadutsa pa Mchinji kupita ku Chipata ku Zambia, wina ku Mozambique, kungoti wambiri umayenda mmatumba osalembedwa paliponse. Apa mpamene mtima umandipweteka ine, chifukwa msika ulipo koma timauononga tokha. Usipa woyanikidwa pamchenga umalumitsa mano, wa nthawi ya dzinja umaola usanaume, wogula wakunja akalawa kamodzi sabweranso. Yanikani pathandala mayi, ndipo ngati pafupi pali matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa aja lowani gulu muzigwiritsa ntchito.

Mukafuna kuyesa ku Zambia, pa chipata cha Mchinji pali ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kummawa ndi kummwera kwa Africa, yochepetsa mapepala kwa amalonda ang'onoang'ono. Kafunseni kumeneko ngati usipa wouma uli pa mndandanda wawo, komanso mudutse ku ofesi ya zausodzi pa boma pompo akuuzeni za chilolezo musanakweze matumba.