Ngati mzimu sufa, kuuka kwa Yesu n'kwa chiyani?

Mayi wina wa ku Lizulu, yemwe amuna awo anamwalira miyezi ingapo yapitayo, watilembera imelo. Akuti pa maliro abusa analalikira kuti malemu apita kukapuma kwa Ambuye, ndiye akufunsa kuti: "Makolo athu ankadziwa kale kuti munthu akafa mzimu wake umakhalapobe. Nanga kuuka kwa Yesu kukuwonjezerapo chiyani?"

Pepani ndi zovutazi, mayi. Chimene kuuka kukuwonjezera ndi thupi. Werengani Luka 24:36-43. Ophunzira ataona Yesu anachita mantha poganiza kuti ndi mzukwa. Iye anawauza kuti amukhudze, poti mzimu ulibe mnofu ndi mafupa. Kenako anapempha chakudya, anamupatsa chidutswa cha nsomba yootcha, n'kudya iwo akuona. Pa Yohane 20:27 Tomasi anauzidwa kuti apise dzanja m'bala la m'nthiti. Komabe sikunali kutsitsimuka ngati kwa Lazaro, amene anatuluka m'manda atagonamo masiku anayi n'kubwerera ku moyo womwewu wa matenda ndi ukalamba. Pa Aroma 6:9 Paulo akuti Khristu sadzafanso, imfa ilibenso mphamvu pa iye.

Ena amati chofunika ndi mtanda basi. Kumbukirani kuti Aroma anapachika anthu ambirimbiri, ndipo tsiku lomwelo pa Gologota panafera ena awiri. Akulu a ansembe anati Yesu wachitira Mulungu mwano, Pilato n'kumupereka kuti aphedwe. Akanakhalabe m'manda, chigamulo chimenecho chikanaima. Pomuukitsa, Mulungu anachifafaniza. N'chifukwa chake Paulo sakunyengerera pa 1 Akorinto 15:17: ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro chilibe ntchito, ndipo tikadali m'machimo athu. M'mutu womwewo akutchula mboni: Kefa (Petro), ophunzira khumi ndi awiri aja, abale oposa 500 nthawi imodzi (ambiri anali adakali moyo pamene ankalemba), Yakobo, kenako iye mwini.

Tsono thupi limene laola m'manda lidzauka bwanji? Akorinto anafunsanso zomwezi, ndipo Paulo anawayankha ndi chitsanzo cha mbewu (15:35-44). Inu a ku Lizulu simukusowa wokufotokozerani. Mumakwirira kachewere wamng'ono, wofota, wotuluka timaso. Pokolola mukafukula phando mumapeza mbewu ija itabvunda, yangotsala khungu lonyowa, koma mozungulira muli mbatata zatsopano zosalala. Munadzala kachewere ndipo mwakolola kachewere, osati kabichi. Chimodzimodzi amuna anu: adzauka ali iwo omwewo, koma thupi lofesedwa lofooka lidzauka lamphamvu, losaolanso. Shuga, BP ndi zilonda zonse zidzatsala m'nthaka.

Abusa aja sananame. Paulo yemwe akuti kuchoka m'moyo uno n'kukakhala ndi Khristu (Afilipi 1:23). Chomwe chimatidetsa nkhawa n'chakuti maulaliki ambiri a pa maliro amathera pomwepo, ngati thupi ndi chovala chakutha chongotaya. Chonsecho m'Chikhulupiriro cha Atumwi, chimene a CCAP ku Mlanda ndi Akatolika ku Bembeke amanena mofanana, muli mawu akuti kuuka kwa thupi. Tikawasiya mawu amenewa, namfedwa amabwerera kumudzi atangomva zomwe agogo ake ankanena kale, ndipo ena amayamba kuopa kuti malemu awavutitsa kutulo akapanda kuwachitira mwambo wakutiwakuti.

Wina asakuletseni kulira ponena kuti n'kusowa chikhulupiriro. Yesu analira pa manda a Lazaro akudziwa bwino kuti amuukitsa posachedwa. Pa 1 Atesalonika 4:13-18 Paulo akungoletsa kulira ngati anthu opanda chiyembekezo, kenako akufotokoza ndondomeko yake: Ambuye adzatsika, lipenga lidzalira, akufa mwa Khristu adzayamba kuuka, amoyo adzatsatira pambuyo. Tsiku lovundukula chiliza likamayandikira, kawaoneni abusa msanga, muwapemphe kuti adzawerenge ndime imeneyi pamodzi ndi 1 Akorinto 15:42-44.