Funsani Alangizi: Dimba la Pakhomo pa Dzuwa la Okutobala

FUNSO: Alangizi, kuseri kwa nyumba yanga ndili ndi mabedi anayi a mpiru, repu ndi tomato. Chiyambireni Okutobala ndimathirira m'mawa ndi madzulo, koma dzuwa likafika pamutu masamba amakhala atafota, mpiru wayamba maluwa usanakule, ndipo kapinga wa kumaso kwa nyumba wauma yense. Bilu ya madzi nayo yakwera. Kodi ndisiye kaye mpaka mvula idzagwe? Ndine mayi wa ku Area 25.

YANKHO: Mayi, musasiye, chifukwa ndikuganiza kuti madzi mukuthirawo ndi okwanira, koma akuthera m'mwamba nthaka isanamwe. Okutobala ndi Novembala ndiyo miyezi yotentha kwambiri kuno ku Lilongwe, kutentha kumafika madigiri 30 kapena kupitirira, ndipo bedi lomwe lili pamtetete limauma pamwamba pasanathe maola ochepa. Mukamawaza madzi pang'ono kawiri pa tsiku, mizu imazolowera kuyenda pamwamba pomwe dothi likuwotcha, m'malo molowa pansi pomwe pali chinyezi.

Choyamba ndi kuphimbira. Zimandipweteka mtima ndikamadutsa m'makwalala madzulo n'kuona utsi ukufuka pakhomo ndi pakhomo, anthu akutentha masamba a mango ndi udzu omwe asesa pabwalo, chonsecho zinyalala zimenezo ndizo zikanapulumutsa dimba lawo. Sonkhanitsani masamba ouma, udzu, makoko a mtedza kapena mapesi odulidwa, ndipo muyale pabedi mochindikala masentimita 5 mpaka 10, koma musiye kampata kuzungulira tsinde kuti lisawole. Pakapita masiku atatu, pisani dzanja pansi pa zophimbirazo masana: mudzapeza dothi lozizira, lakuda, lomata ku zala, pamene pambali pomwe simunaphimbire pali fumbi lokhalokha. Ambiri amaopa chiswe, ndipo n'zoona kuti chimabwera, koma kawirikawiri chimadya zouma zomwe mwayalazo n'kusiya mbewu yathanzi.

Mukatero, thirirani kamodzi patsiku, m'mamawa dzuwa lisanakwere, pafupifupi kheni imodzi ya malita 10 pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, ndipo madziwo azipita patsinde. Musanathirirenso, lowetsani chala m'dothi. Ngati chatuluka chonyowa, mukhoza kudumphitsa tsiku. Masamba akafota masana n'kudzukanso madzulo, musade nkhawa, ndi mmene mbewu imadzitetezera. Oopsa ndi omwe mwawapeza ali chifotere m'mawa.

Za mpiru ndikuuzeni mosabisa kuti nyengo yake yapita. Mpiru, repu ndi kabichi zimakonda chisanu cha Meyi mpaka Julayi, ndipo kukatentha zimathamangira maluwa, masamba n'kuyamba kuwawa. Zulani, muthire manyowa owola bwino, mufese bonongwe, therere ndi khobwe wa chitambe, kapena muwoke kholowa, pakuti izi zimapirira dzuwa ndipo zidzakupatsani ndiwo mpaka dzinja. Pa tomato, tembenuzani tsamba muone kunsi kwake. Mukaona timadontho tofiira toyenda ndi ulusi wonga wa kangaude, amenewo ndi akangaude ofiira omwe amaswana kwambiri kukauma ndi kutentha; thotholani masamba ogwidwa kwambiri mukawakwirire kutali, ndipo otsalawo muziwatsuka kunsi ndi madzi.

Kapinga musiyeni. Sanafe, mizu yake ili moyo, ndipo adzaphuka mvula ikangogwa. Musamutchetche mpaka pansi, musamuthire feteleza pouma, ndipo ngati mukufuna kumuthandiza, madzi otsukuluzira zovala amukwanira, bola asakhale ndi mankhwala oyeretsera. Madzi a kumpopi, omwe kwa ambiri mumzinda uno amachokera mumtsinje wa Lilongwe ndi madamu a ku Malingunde, asungireni ndiwo.

FUNSO: Kwathu kwagwa mvula kamodzi. Kodi ndibzale mbande zanga za mango ndi mapeyala? Ndine bambo wa ku Likuni.

YANKHO: Bambo, dikirani, imeneyo ndi chizimalupsa, ndipo pambuyo pake dzuwa limatha kuswa mtengo kwa masabata angapo. Mvula yodalirika kuno imakhazikika chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, ndipo nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Padakali pano kumbani maenje a masentimita 60 mulifupi ndi kuya komwe, dothi lapamwamba muliike padera, mulisakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa, kenako mulibwezere m'dzenjemo kuti likhazikike. Mbandezo zisungeni pamthunzi wa mtengo, muzizithirira, ndipo kukatsala masabata awiri kuti mubzale muyambe kuzizoloweza dzuwa pang'onopang'ono.