Eya asisi, HPV imafikanso kukhosi

Asisi mwafunsa ngati HPV ija, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ingagwirenso kukhosi. Eya imatero, makamaka mtundu wa 16, imakonda matonsilo ndi kutsinde kwa lilime ndipo imalowa pogonana mkamwa, azibambo ndiwo amapezeka nayo kwambiri khansa ya kukhosi yobwera ndi HPV. Koma tisanamizane, kwathu kuno fodya ndi kachasu nzomwe zikupwetekabe anthu ambiri. Chovuta nchoti kukhosi kulibe VIA (kuyeza kuja kwa khomo la chiberekero kopaka viniga), umangogwira kachotupa kosawawa m'mbali mwa khosi, ena mpaka kuyamba mankhwala a TB molakwika miyezi nkumapita. Chotupa kapena chilonda chikadutsa masabata 3 pemphani akutumizeni kwa a ENT (madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi) ngati ku Queens. Katemera wa HPV uja anayamba 2019 kuno ku Malawi, atsikana anuwo kawabayitseni.