Mwana wanga akuwerenga kapena wangoloweza?

Mayi wina wa ku Ndirande wanditumizira imelo sabata yathayi. Akuti mwana wawo ali Sitandade 2, buku la Chichewa amaliwerenga lonse osapumira, koma tsiku lina atamulembera mawu oti "mbale" pa kapepala mwana anangoti kakasi, maso kudenga. Ndiye akufunsa kuti kodi vuto ndi aphunzitsi, amusamutsire ku pulayiveti?

Mayi, mwana wanuyo waloweza, kuwerenga sanayambe, ndipo si yekha ayi. Ine ndinaphunzitsapo kalasi ya ana opitirira 100, atakhala pansi mpaka pakhomo, buku limodzi ana anayi, wina akuliona chozondoka. Ukati "nenani pambuyo panga" kalasi yonse imayankha bwinobwino mpaka iwe mtima umakhala m'malo kuti zikuyenda, koma oyang'ana pa bolodi ndi a kutsogolo okha, enawo akungotsatira nyimbo ya anzawo. Mwana wanzeru ndiye amaloweza msanga, akangoona chithunzi cha mbuzi wadziwa kale chiganizo chonse.

Kuchuluka kwa anaku kunayamba 1994 pomwe fizi ya pulayimale inathetsedwa, ana anakhamukira kusukulu pafupifupi miliyoni yoonjezera chaka chimodzi, zipinda ndi aphunzitsi zosakwana. Mu 2016 boma linayambitsa National Reading Programme ya Sitandade 1 mpaka 4, yomwe imati mwana ayambe ndi maliwu a malembo kenako maphatikizo kenako mawu. Njirayo ndi yabwino zedi, koma mphunzitsi mmodzi angamvetsere bwanji mwana aliyense payekha belu lisanalire? Ndiye aphunzitsiwo musawakwiyire msanga, pitani mukacheze nawo kaye, ambiri amasangalala kholo likabwera mwamtendere.

Za pulayiveti ine ndingati dikirani. Kumenekonso ana amaloweza, kungoti amaloweza m'Chingerezi, ndiye kholo limakomedwa osazindikira. Chichewa chathuchi chili ndi mwayi waukulu, chimalembedwa momwe chimamvekera, a e i o u basi, mwana akagwira ma me mi mo mu ndi la le li lo lu wayamba kale kudzipangira mawu yekha, ndipo luso limenelo amapita nalo ku Chingerezi.

Madzulo aliwonse mupatule mphindi 15 zokha. Dulani katoni, lembani maphatikizo pa tizidutswa, mba pena, le pena, aziphatikiza yekha, kenako musinthe le muike ta awerenge mbata, kenako mbatata. Akamawerenga buku lake tsekani chithunzi ndi dzanja, muloze mawu kuyambira kumapeto kwa chiganizo kubwerera m'mbuyo, apo ndi pomwe mudziwe zenizeni. Pamene ana ambiri amapunthwa ndi pa h ndi kachizindikiro ka ng' kaja: pala ndi phala, kala ndi khala, ngoma ndi ng'ombe. Mwanayo aike chikhatho pakamwa amve mpweya ukutuluka akamati phala, ana zimenezi amazikonda kwabasi.

Chonde akalakwitsa osamukalipira kapena kumuyerekeza ndi mwana wa aneba, ndinaonapo ana akusiyiratu kutsegula pakamwa m'kalasi chifukwa cha zimenezo ndipo zimandiwawa mpaka lero. Muonenso ngati amatsinzinira maso poyang'ana kutali kapena amakonda kunena kuti "mwati?", zikatero mupite naye kuchipatala akamuyeze maso ndi makutu. Pakatha miyezi iwiri mundilemberenso, mundiuze ngati "mbale" uja watheka.