Za ulendo wanu wa ku Vanuatu

Amayi, ndawerenga funso lanu, loti muli ndi tchuthi cha sabata imodzi mu Januware, mukufuna kunyamukira ku Brisbane, mzinda wa ku Australia, kupita ku Vanuatu, dziko la zilumba za m'nyanja ya Pacific, ndipo mukufunsa ngati kukhala pa hotela ya mu Port Vila masiku onsewo kungakukwanireni. Ine ndinakafikako, ndipo maganizo anga ndi akuti mukatero mudzabwerako musanalione dzikolo.

Ndiyambe ndi mweziwo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe, komanso kumatentha ndiponso kumagwa mvula yambiri. Namondwe Pam wa mu Malichi 2015 anagwetsa nyumba zosawerengeka pa zilumba za Efate ndi Tanna, ndipo ife amene abale athu anaona zimene Freddy anachita kumwera kwa Malawi mu 2023 sitifunika kuuzidwa zambiri. Ngati akuntchito angalole, sunthani tchuthicho chifike pakati pa Meyi ndi Okutobala, pamene kunja kumakhala kouma ndi kozizirirako.

Vanuatu ndi zilumba zopitirira 80, zomwe kale zinkatchedwa New Hebrides ndipo zinkalamulidwa pamodzi ndi Britain ndi France mpaka pa 30 Julayi 1980. Port Vila ndi likulu chabe, pa chilumba cha Efate, ndipo masiku awiri ndi okwanira kuona msika, gombe ndi nyumba yosungiramo zachikhalidwe. Masiku otsalawo apatseni chilumba cha Tanna, chomwe chili kumwera, ulendo wosakwana ola limodzi pa ndege yaing'ono. Kumeneko kuli phiri lophulika la Yasur, lotalika mamita 361 okha, lomwe munthu amatha kuima m'mphepete mwa chibowo chake. Pitaniko dzuwa likupendeka. Kukayamba kuda, nthaka imanjenjemera pansi pa mapazi, phirilo limabangula ngati bingu, kenako miyala yofiira psuu imaulukira m'mwamba ndi kugweranso m'dzenjemo. Kuwala komweko ndiko kunakopa James Cook, woyenda panyanja wa ku Britain, mu 1774, mpaka anakocheza pa doko lomwe analitcha Port Resolution potengera dzina la sitima yake. Mumvere otsogolera alendo pa za malo oima, pakuti phirilo silisewera, ndipo masiku ena likakalipa amaletseratu anthu kukwera.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse kwambiri ndi nkhani ya malo. Ku Vanuatu nthaka ndi ya eni mudzi, potsatira mwambo umene iwo amautcha kastom. Gombe, mathithi, phanga, ngakhale phiri lenilenilo, zonse zili ndi eni ake, choncho musadabwe akakupemphani ndalama yolowera pamalo ooneka ngati tchire. Ndinaona alendo ena akunyinyirika nazo, ndipo zinandipweteka mtima, chifukwa anthu omwewo sangalole mlendo kudutsa pabwalo pawo osapereka moni. Inu amene munakulira kumene mlendo amayamba waonekera kwa nyakwawa simudzavutika. Pemphani chilolezo musanajambule munthu, valani chitenje polowa m'mudzi, ndipo pamsika musanenerere mtengo, chifukwa kumeneko sachita zimenezo.

Madzulo amuna amasonkhana pabwalo lotchedwa nakamal kukamwa kava, chakumwa chofinyidwa kuchokera ku mizu, chomwe chimachititsa dzanzi m'kamwa. M'midzi ya ku Tanna amayi sayandikira pabwalopo nthawi imeneyo, ndiye ngati mukufuna kulawa, mukalawire mu Port Vila, kumene malo ambiri amalandira aliyense. Chakudya chawo chenicheni ndi laplap: amapala chinangwa, zilazi kapena nthochi zaziwisi, kuthiramo mkaka wa kokonati, kukulunga m'masamba ndi kuphika pa miyala yamoto. Ine chinandikumbutsa mkate wa kwathu, ngakhale ichi amachidya ndi nkhuku kapena nsomba. Pa chilankhulo musade nkhawa. Zilipo zopitirira 100, koma anthu amamvana m'Chibislama, chomwe mawu ake ambiri anachokera ku Chingerezi, ndipo mukangonena kuti “tankyu tumas” pothokoza, nkhope zimawala.

Tengani ndalama zawo, zotchedwa vatu, zokwanira musanachoke mu Port Vila, popeza m'midzi khadi la ku banki siligwira ntchito. Malungo aliko pa zilumba zina, choncho mukaonane ndi dokotala musananyamuke ndipo muzigona m'neti. Ngati bambo a kunyumba adzachokere ku Lilongwe kudzakupezani, akumbutseni kuti pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Australia ngakhale munthu akungodutsa, ndipo ayambe kuifunsira nthawi ikadalipo.

Pobwerera, musakonze zochoka ku Tanna tsiku lomwelo limene ndege yanu ya ku Brisbane ikunyamuka. Ndege zazing'ono zimalephereka nyengo ikaipa, choncho siyani tsiku limodzi lathunthu logona mu Port Vila.