Chinena chikuwawa, koma apongozi akuti ndi ulesi

Imelo iyi ndaiwerenga katatu. Mayi wa ku Chilobwe, mimba ya miyezi 8, akuti chinena chikuwawa moti kutembenuka pabedi ndi nkhondo, apongozi akuti ndi ulesi basi. Achemwali, mwandikumbutsa kutali.

Mimba yanga yachiwiri tinkakhala ku Ndirande, kumtunda kuja chakuphiri. Pokwera minibasi ya ku Limbe ndinkachita kugwira chitseko ndi manja onse awiri, kondakitala ali "changu mayi, changu!" mwendo ukukana kunyamuka, pakati pa mafupa apa ndikumva ngati pakukhuzana. Kuvala panti nditaima ndi mwendo umodzi, misozi mbwembwembwe. Koma madzi akasiya pampopi ndine ndemwe ndinkasenza ndowa ya malita 20, poti azakhali awo a bambo a kunyumba ankati iwo anabereka ana 7 akulima mpaka tsiku lochira. Chabwino, analima. Nanga chiuno chawocho anandibwereka ine?

Ndipo izi zimandinyansa. Timalangizana kupirira ngati kuti kubuula ndi tchimo, ndipo amene amatsogola kukuseka ndi azimayi anzako omwe, abambo amangoti phee pampando ndi foni. Anga anadzayamba kutunga madzi atandipeza ndikukwawa kupita kubafa usiku, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Anandimasula ndi mzamba kusikelo. Mimba ikamakula thupi limatulutsa mahomoni, ina ndi relaxin, amene amafewetsa minyewa yomanga mafupa a chiuno kuti mwana adzapeze njira, ndiye polumikizana mafupa pachinenapo pamagwedera, kulemera kwa mwana kuli pomwepo. Madokotala amati pelvic girdle pain, imagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa 5 oyembekezera, mwana siimuvulaza ndipo kwa ambiri imachepa akachira.

Ndiye mutani?

Gonani chammbali, pilo pakati pa mawondo. Podzuka kapena potembenuka mawondo akhale pamodzi. Valani mutakhala pansi, masitepe imodziimodzi, kabaza muiwale kaye. Ndowa ndi kubereka mwana kumbuyo siyirani ena. Ine chitenje chomanga molimba m'chiuno, mmunsi mwa mimba, chinkandigwira bwino ndithu. Panado palibe vuto mukatsata muyezo, koma Brufen ndi diclofenac ayi miyezi ino, mankhwala azitsamba aja akuti ofewetsa njira musayerekeze. Zikanyanya pemphani kusikelo akulembereni kalata yokaonana ndi a fizio (othandiza mavuto a mafupa ndi minyewa) kuchipatala cha Queens.

Koma ululu ukamabwera ndi kupita mimba ikulimba, mukaona magazi kapena madzi, thupi likatentha, pokodza pakamawotcha, kapena mwana akachepetsa kusewera, chimenecho si chinena chokha, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku.

Apongoziwo muwatenge kusikelo akamve okha kwa mzamba. Ine azakhali aja sindinawatenge, mpaka lero akadali pa ana 7 aja.