Kodi zakale za agogo tigulitse? Yankho kwa achemwali a ku Namwera

Achemwali ena a ku Namwera andilembera pa imelo kuti kwawo kukumafika bambo wina pa njinga yamoto, akufunafuna zinthu zakale: mikanda ya agogo, mbiya zofukulidwa m'minda, mfuti za gogodela, ngakhale ndodo za mafumu. Akagula amati akuwoloka nazo pa Chiponde. Afunsa kuti: "Kodi kugulitsa n'kulakwa, poti zinthuzo ndi zathu? Nanga zikatuluka m'dziko muno, alipo angazibweze?"

Achemwali, musagulitse. Ndikudziwa kuti ndalama yavuta, ndipo munthu akakuonetsani ya feteleza mtima umagwedezeka. Koma lamulo lathu la Monuments and Relics Act limaletsa kufukula zakale kapena kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo cha boma. Mfunseni bamboyo akuonetseni chilolezocho, muone ngati sadzasintha nkhani.

Za mbiya zija ndiye zimandipweteka kwambiri. Konkuno ku Mangochi, pa Nkope, akatswiri anafukula mapale a mbiya zoumbidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, mpaka mtundu wa mbiyazo unapatsidwa dzina la malowo. Phale lokha silinena zambiri. Chimene chimayankhula ndi pomwe lagona: kuya kwa dothi, makala ali pambali pake, mafupa a nsomba, mizere yolembedwa pamlomo pa mbiya. Makalawo ndi amene amapimidwa kuti zaka zidziwike. Wokumba ndi khasu usiku amatenga mbiya n'kumwaza zonsezo, ndipo palibe angazisonkhanitsenso.

Tsopano za malire. Ayao ali kuno, alinso ku Mandimba ndi ku Lichinga m'dziko la Mozambique, ena ku Tanzania. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe pa dziko lonse, linamulemekeza mu 2005, amavinidwa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Chigoba cha gule kapena mkanda wa m'chiuno sizikhala ndi chiphaso. Wamalonda akafunsidwa ku Mozambique amati wagula ku Malawi, akafunsidwa kuno amati n'za kutsidya, ndipo wapolisi amasowa pogwira. Komanso tonse tikudziwa kuti njira zachidule zodutsa malire n'zambiri kuposa zipata za boma. Dziko limodzi palokha silingathane nazo zimenezi.

Mgwirizano ulipo ndithu. Pangano la UNESCO la 1970 limati mayiko azithandizana kubweza zakale zobedwa. Akuluakulu a polisi a kum'mwera kwa Africa ali ndi bungwe lawo la SARPCCO kuyambira 1995, ndipo Interpol, bungwe la apolisi a dziko lonse lapansi, ili ndi ofesi ya chigawo chino ku Harare. Interpol imasunganso kaundula wa zinthu zachikhalidwe zobedwa, ndipo kuyambira 2021 aliyense angamuone pa foni kudzera pa pulogalamu yotchedwa ID-Art.

Koma mu kaundulamo mumalowa chinthu chimene chili ndi chithunzi ndi mbiri yake. Mvetserani za chigoba cha Amakonde chimene chinabedwa m'nyumba yosungira zakale ku Dar es Salaam mu 1984. Chinakapezeka ku Geneva, m'nyumba yosungira zakale ya Barbier-Mueller, ndipo chinabwerera ku Tanzania mu 2010. Zaka 26, chikhalirecho chinali chodziwika komwe chinachokera! Nanga ndodo ya mfumu ya kwanu, yomwe sinajambulidwepo, mudzaitsata bwanji ikafika ku Johannesburg kapena ku Paris?

N'chifukwa chake ine ndimati mgwirizano wa mayikowu usathere m'misonkhano ya m'mahotela. Ogwira ntchito pa Chiponde ndi anzawo a pa Mandimba aphunzitsidwe limodzi kusiyanitsa chosema cha dzulo chogulitsa alendo ndi chinthu cha makolo. Mafumu a mbali ziwirizi ndi apachibale, amakumana pamaliro ndi pa zinamwali. Azichenjezana wogula wotere akayamba kuzungulira.

Inu yambani sabata ino. Yalani mikandayo pa chitenje choyera, ikani bokosi la machesi pambali kuti kukula kwake kuoneke, jambulani mbali zonse. Lembani m'kope mwini wake, mudzi umene inachokera ndi zimene agogo akunena za iyo, iwo akadali ndi mphamvu zofotokoza. Mbiya ikatulukira polima, isiyeni pomwepo, dziwitsani amfumu, kenako a ku Lake Malawi Museum pa boma la Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija. Bambo wa njingayo akabweranso, lembani nambala ya njinga yake mukaipereke kupolisi.